Kakonzedwe ka Mwambo Wokumbukira Munthu Amene Ankationetsa Nyama Zakutchire pa Kanema

Pa 4 Seputembala 2006, Steve Irwin, mwamuna wa ku Australia amene ambiri tinamudziwira pa wailesi ya kanema ya Animal Planet ndi m'mavidiyo sho akugwira ng'ona atavala kabudula ndi malaya a khaki, anamwalira ali ndi zaka 44. Ankajambula pulogalamu m'nyanja yamchere pa Batt Reef, kufupi ndi Port Douglas m'chigawo cha Queensland, pamene nsomba yotchedwa stingray, yophwatalala ngati lichero komanso yokhala ndi munga wautali kumchira, inamulasa pachifuwa mpaka mungawo unafika pamtima. M'masiku otsatira khamu la anthu linaunjika maluwa pachipata cha Australia Zoo, malo ake osungirako nyama ku Beerwah, ena analemba mawu otsanzika pa malaya a khaki n'kuwasiya pomwepo, ndipo ambiri mwa olirawo anali asanakumanepo naye maso ndi maso.

Zaka zapitapo zambiri koma nkhaniyi sinazilale, chifukwa makanema ake akuyendabe m'mafoni, ndipo mwana amene wakhala akumuonera pa Facebook kapena pa YouTube amadzamva mochedwa kuti munthuyo anatisiya kalekale. Pakalabu ya zachilengedwe imene ndimayang'anira pasukulu ina kufupi ndi mtsinje wa Bua, mnyamata wa Sitandade 7 anandipeza ndikulemba pabolodi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi bambo a ng'ona aja anamwaliradi?" Nditavomera, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatuluka n'kukaima kuseri kwa kalasi, ndipo anzake anayamba kumuseka kuti akulira mlendo amene sanamupatsepo ngakhale moni. Ndi tsiku limenelo limene linandichititsa kukonza mwambo wachikumbutso, ndipo zimene ndikulemba pano ndi za aphunzitsi anzanga ndi atsogoleri a magulu a achinyamata ku Nkhotakota ndi ku Salima amene angafune kuchita chimodzimodzi. Ndikupereka chitsanzo cha Irwin, koma njira yake ndi yomweyo akamwalira muulutsi wina wa mapulogalamu a zachilengedwe, kapena wa gemu amene ana ankamudziwa.

Ngati uthenga wa imfa ndi watsopano, yambani mwatsimikiza kuti ndi woona, chifukwa pa WhatsApp anthu amoyo amalengezedwa kuti amwalira kawirikawiri. Dikirani kuti mumve pa wailesi yodalirika kapena kuchokera kwa achibale a munthuyo musanauze ana. Mukatsimikiza, letsani kutumizirana zithunzi za ngoziyo. Imfa ya Irwin inajambulidwadi, popeza wojambula anali naye limodzi m'madzi, koma kanemayo anaperekedwa kwa apolisi, sanaonetsedwepo pa wailesi ya kanema iliyonse, ndipo mkazi wake Terri ananena pambuyo pake kuti anawonongedwa. Choncho kanema aliyense amene akuyenda m'mafoni ndi mutu wakuti akuonetsa mapeto a Irwin ndi wabodza, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka. Kwathu kuno mtembo timauphimba, ndipo kuona nkhope kuli ndi nthawi yake ndi eni ake oloza. Ulemu umenewu usathere pafoni.

Mwana amene wakhudzidwa musalole kuti asekedwe. Akumbutseni anzakewo kuti maliro n'kulirana, ndipo kuti tonsefe tinagonapo pasiwa pa munthu amene sitinkamudziwa, kungoti anali m'bale wa mnansi wathu. Munthu amene mawu ake amamveka m'nyumba mwanu madzulo aliwonse, amene anakuonetsani koyamba mkati mwa kamwa ya ng'ona inu muli pamkeka, sakhalanso mlendo weniweni mumtima wa mwana.

Kenako fikani kwa eni mudzi. Mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu adziwe poyamba, ndipo kwa amfumu mupite nokha, osatuma mwana ndi kakalata. Fotokozani kuti si maliro, si sadaka, ndipo sipadzaikidwa masamba pamsewu, chifukwa anthu akangomva mawu akuti maliro amasiya makasu ndi maukonde n'kubwera akufunsa kuti zovutazo zagwa kwa yani. Mawu oyenera ndi akuti chikumbutso. Popeza m'madera mwathu Akhristu ndi Asilamu timakhala khomo ndi khomo, pemphani abusa kuti atsegule ndi pemphero ndipo ashehe atseke, kapena motembenuza, kuti kholo lililonse lilole mwana wake kubwera popanda kukayika.

Pali khomo lina limene muyenera kugogoda musanalengeze tsiku, ndipo ine ndinalakwitsa pamenepa. M'mbali mwa Bua, Dwangwa, Chia ndi Linthipe muli mabanja amene anataya m'bale wawo chifukwa cha ng'ona, ndipo kwa iwo kanema wa munthu akuseka atakwera pamsana pa chilombochi si chinthu chosangalatsa. Ine ndinali nditalengeza kale pamzere wa m'mawa pamene mayi wina, amene mwana wake wamkazi anagwidwa akuchapa kumtsinje, ananditumira uthenga kuti ndikawaone. Ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde. Anandiyalira mkeka, tinalonjerana, ndipo osasiya lichero m'manja anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti mukufuna kuonetsa ana munthu wokumbatira ng'ona. Kodi mwaiwala kuti ife tinafunafuna masiku atatu m'mabango?" Ndinalibe choyankha koma kupepesa, ndipo ndinati, "Pepani mayi, ndinayenera kuyamba ndafika pakhomo pano." Ndinawafotokozera kuti cholinga sichinali kutamanda ng'ona, koma kuthandiza ana amene ali ndi chisoni komanso kuwaphunzitsa za madzi amene amakhala nawo pafupi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwo sadzabwera, koma ndikauze anawo kuti asamachape padooko limodzi pa ola limodzimodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa mwana wawo ankatero. Mawu amenewo ndinawanena pamwambowo monga momwe anandiuzira, popanda kutchula dzina lawo, ndipo ndi amene ana anawagwira kuposa onse. Choncho funsani amfumu kuti ndi mabanja ati amene anaonapo zoterezi, muwayendere, mumve maganizo awo, ndipo musawakakamize kubwera kapena kulankhula. Ngati ngozi yachitika posachedwa m'mudzimo, imitsani mwambo wonse kufikira chaka china.

Pa za tsiku, pali awiri amene ali ndi tanthauzo. La 4 Seputembala ndi limene anamwalira, koma limagwa pamene chaka cha sukulu chikungoyamba kumene kapena chisanayambe, ndipo zokonzekera zimavuta. La 15 Novembala limadziwika kuti Steve Irwin Day, ndipo ine ndimakonda limeneli chifukwa limafika mvula ili pafupi, mbande zili zokhwima kunazale, komanso ndi nyengo imene ana afunika kuchenjezedwa mitsinje isanadzaze. Malo akhale kalasi yaikulu kapena holo ya tchalitchi, osati kugombe kapena m'mbali mwa mtsinje, ngakhale wina atanena kuti kumeneko n'kokongola. Ngati mulibe magetsi, bwerekani batire ndi sola kapena jenereta, yesani zipangizo dzulo lake, ndipo tsekani mawindo ndi zitenje kuti chithunzi chioneke masana, chifukwa ana ayenera kufika kwawo dzuwa lisanalowe.

Pamaliro athu pamakhala wowerenga mbiri ya malemu, ndipo pachikumbutso ichi mbiriyo ndiyo msana wa mwambo wonse. Ilembeni m'Chichewa, ikhale yosapitirira tsamba limodzi, ndipo mupatse mwana wodziwa kuwerenga bwino kuti ayeserere kangapo. Zofunika kukhalamo ndi izi. Anabadwa pa 22 Febuluwale 1962. Makolo ake, Bob ndi Lyn, anatsegula malo ang'ono osungirako njoka, abuluzi ndi ng'ona ku Beerwah mu 1970, ndipo Steve anakulira pamenepo, akudyetsa nyama ndi kusesa makola. Ng'ona yake yoyamba anaigwira ali ndi zaka 9, bambo ake ali pambali kumuyang'anira. Mu 1991 anatenga udindo woyendetsa malowa, mu 1992 anakwatira Terri wochokera ku Oregon ku America, ndipo zimene anajambula akugwira ng'ona atangokwatirana ndizo zinakhala chiyambi cha pulogalamu ya The Crocodile Hunter. Ntchito yake yambiri inali yochotsa ng'ona zimene zinayandikira anthu n'kuzisamutsa kuti zisaomberedwe. Anasiya mkazi ndi ana awiri, Bindi wa zaka 8 ndi Robert amene anali asanakwanitse zaka 3.

Ndikulangizani kuti m'mbiriyi musabise cholakwa chake chodziwika. Mu Januwale 2004 analowa m'khola la ng'ona atanyamula Robert, khanda la mwezi umodzi, m'dzanja limodzi, kwinaku akuponyera ng'onayo nyama ndi dzanja linalo, ndipo anthu ambiri ku Australia ndi kunja anamudzudzula kwambiri. Ndikudziwa kuti pamaliro sitizolowera kutchula zofooka za malemu, koma apa tikulankhula kwa ana amene mawa lake adzapita kukatunga madzi, ndipo akamva zabwino zokhazokha adzaganiza kuti chilichonse chimene anachita n'choyenera kutsanzira. Chiganizo chimodzi chonenedwa mwaulemu n'chokwanira: ankakonda nyama ndi mtima wonse, koma tsiku limenelo anaika mwana pangozi, ndipo amene anamudzudzula sanalakwe.

Mungawonjezepo mmene anthu akwawo anamulirira, chifukwa zimathandiza mwana kuona kuti sali yekha. Boma linapempha kuti limuike m'manda ndi ulemu wa boma, koma banja linakana, bambo ake akunena kuti mwana wawo anali munthu wamba. Anaikidwa mwakachetechete ndi achibale ndi anzake apamtima okha pamalo omwewo a Australia Zoo, ndipo pa 20 Seputembala panachitika mwambo wa anthu onse m'bwalo limene ankaonetserapo ng'ona, pomwe panasonkhana anthu oposa 5,000, nduna yaikulu ya dzikolo John Howard inalankhula, ndipo Bindi anaimirira yekha n'kuwerenga mawu otsanzikana ndi bambo ake.

Kanema woonetsa musankhe mutamuonera nokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mphindi 20 n'zokwanira. Sankhani chigawo chimene akufotokoza khalidwe la nyama, osati chongodumphira pamsana pa ng'ona, ndipo muimitse kanemayo kawiri kapena katatu kuti mumasulire ndi kufunsa mafunso. Poimitsapo, auzeni ana kuti ayang'ane m'mphepete mwa chithunzicho, aone amuna ena ogwira zingwe amene aima pafupi, ndipo muwakumbutse kuti kuseri kwa kamera kunali anthu enanso, galimoto ndi zipangizo. Ana amaona munthu mmodzi wolimba mtima, koma zoona zake n'zakuti linali gulu la anthu ozolowera ntchitoyo, ndipo iye mwini anaiphunzira kuyambira ali wamng'ono pansi pa bambo ake. Nenani mosapita m'mbali kuti aliyense wogwira njoka kapena kamwana ka ng'ona pofuna kufanana naye sakumulemekeza. Kamwana ka ng'ona kakalira, make amabwera.

Apa mpamene mlendo wochokera ku gemu amathandiza kuposa mphunzitsi. Lembani kalata msanga ku ofesi ya Nkhotakota Wildlife Reserve, kapena kwa a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo a ku Salima angayesenso kumalo osungirako nyama a Kuti kapena kwa oteteza nkhalango ya Thuma. Mupempheni kuti alankhule za ng'ona zathu zino, chifukwa za m'makanema a Irwin zambiri ndi za mtundu wina wa ku Australia, pamene zathu ndi zimene akatswiri amazitcha za mtsinje wa Nile. Ng'ona yaikazi imakwirira mazira mumchenga m'nyengo yotentha n'kumalondera chisacho pafupifupi miyezi itatu, ndipo imakhala yolusa kwambiri panthawiyi. Mvula ikagwa madzi n'kusefukira, ng'ona zimatha kulowa m'madambo ndi m'minda ya mpunga momwe sizinkaoneka m'chilimwe. Imatha kukhala pansi pa madzi osaoneka pamalo osaya kwambiri, imasaka makamaka m'bandakucha, madzulo ndi usiku, ndipo imazolowera malo amene anthu ndi ziweto amafikapo nthawi imodzimodzi. Ana atengepo malamulo amene angawakumbukire ali okha: atunge madzi ndi ndowa n'kukachapira kutali ndi mtsinje, asatumbulire nsomba m'mphepete mwa madzi, asalendewetse miyendo kapena manja kunja kwa bwato, asawoloke madzi akuda mvula itagwa, ndipo akaona ng'ona pafupi ndi dooko auze akuluakulu tsiku lomwelo.

Pali nkhani ina imene simuyenera kuidumpha. Patangopita masiku ochepa Irwin atamwalira, m'magombe a Queensland munapezeka nsomba za stingray zakufa zitadulidwa michira, ndipo anthu anaganiza kuti ena ankabwezera imfa yake. A bungwe lake la Wildlife Warriors anadzudzula mchitidwewu poyera, n'kunena kuti ndi chinthu chimene mwini wakeyo sakanachifuna. Nsombayi siisaka anthu. Imalasa ikaona ngati yapanikizidwa, monga momwe msodzi amabayidwira ndi minga ya nkholokolo poichotsa muukonde. Fotokozani zimenezi, kenako mubweretse nkhaniyo kwathu. Munthu akagwidwa ndi ng'ona, mkwiyo umafuna pogwera, ndipo nthawi zina umagwera nyama iliyonse yopezeka pafupi, koma choopsa kwambiri n'chakuti umagwera gogo wina wa m'mudzi amene amanenedwa kuti ndiye anaituma. Ine ndimauza ana kuti tsoka silinunkha, kuti ng'ona imagwira chifukwa cha njala kapena poteteza chisa, ndipo kuti palibe munthu amene amaiweta m'nyumba. Ng'ona imene yayamba kuvutitsa anthu imakanenedwa kwa amfumu, kwa apolisi ndi kwa a gemu, amene ali ndi mphamvu ya lamulo ndi zida zothana nayo. Nkhani ya ufiti muikambe modekha, chifukwa ana adzakaibwereza kunyumba, ndipo simukufuna kuti imveke ngati mwanyoza makolo awo.

Ena adzafuna kupereka chipepeso monga mwa chizolowezi. Banja la Irwin silikusowa ndalama zathu, choncho gwirizanani pasadakhale kuti kangachepe kosonkhedwako kadzagwira ntchito yanji, ndipo msungichuma wa komiti alembe dzina ndi ndalama m'kope, n'kuwerenga zonse poyera mwambo usanathe. Ife tinasankha ulendo wa ku gemu. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo njovu zake zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa pamodzi ndi boma mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 munabweretsedwa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Komabe ana ambiri amene amagona pafupi ndi mpanda wake anaona njovu ya kunja pafoni asanaone yathuyi ndi maso, ndipo zimenezi zimandiwawa. Funsani ku ofesi za mitengo ya ana asukulu ndi masiku oyenera, pezani chilolezo cholembedwa cha kholo lililonse, ndipo pa ana khumi alionse pakhale wamkulu mmodzi.

Ndalama zikachepa, dzalani mitengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, choncho pa tsiku la chikumbutso ingogawani mbande za mbawa, nsangu kapena mtangatanga ndi kukumba maenje, kudzala kudikire mvula yokhazikika. Mitengo khumi yotchingidwa bwino ndi minga kuti mbuzi zisadye iposa zana yongobalalika. Mtengo uliwonse ukhale ndi ana awiri ousamalira, mayina awo alembedwe m'kope la kalabu.

Pamwambo penipeni, mukatha kuwerenga mbiri, pemphani onse aime chete kwa mphindi imodzi, ndipo munene kuti mphindiyi ndi ya malemu amene mukuwakumbukira komanso ya anthu a m'dera lanu amene anafera m'madzi kapena kuphedwa ndi nyama. Musatchule mayina pokhapokha eni ake atalola. Kenako lolani ana atatu kapena anayi anene chimene anaphunzira kwa munthuyo, kapena aonetse zimene ajambula pamapepala. Akuluakulu olankhula asachuluke, chifukwa mwambowu ndi wa ana, ndipo wonse usapitirire maola awiri.

Muike mphunzitsi mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna kumbuyo kwa holo kuti aziyang'ana nkhope za ana, makamaka pofika pa nkhani ya Bindi. Mwana amene akulira kuposa anzake nthawi zambiri sakulira munthu wa pakanema yekha. Mnyamata uja wa Sitandade 7 ndinadzamva pambuyo pake kuti bambo ake anali msodzi amene anamira ndi mwera iye ali wamng'ono, ndipo pamaliro anamutumiza kwa azakhali ake kuti asaone. Mwana wotere mutulutseni mwakachetechete, mukhale naye pamthunzi, mumupatse madzi, ndipo musamufunse mafunso ambiri tsiku lomwelo. Pakatha masiku awiri kapena atatu mukaone amene akumulera, muwauze zimene munaona, ndipo muwapemphe ngati angathe kuti amufotokozere mwanayo za bambo ake ndi kumuonetsa pamene anagona. Amayi a mnyamatayu anachita zimenezo Loweruka lotsatira, ndipo Lolemba iye anabwera kudzapempha kuti mtengo wake wa mbawa audzale pafupi ndi chipata, poti ndi pamene amadutsa m'mawa uliwonse ndipo sadzaiwala kuuthirira.